Multimeter yodalirika ndi iti? Ndithandizeni ndisanataye ndalama

WayaWofiira
Akuluakulu, ndabwera ndi funso. Ndangomaliza kumene maphunziro a zamagetsi ndipo ndayamba timaganyu: kulumikiza mawaya m'nyumba, kufufuza povuta breaker ikamangogwa yokha, nthawi zina timasola ta pakhomo ndi mafiriji. Mita yomwe ndili nayo ndi kachikasu kaja ka DT830B kogula pamsika, ndipo kakundisokoneza mutu. Soketi imodzimodziyo sabata yatha kamati 228, tsopano kakuti 260, koma mababu akuyaka bwinobwino. Pa inveta ya kasitomala kanandiuza 185 pomwe TV ndi firiji zikugwira ntchito popanda vuto. Ndikufuna yoti ndiziidalira. Ena akuti Fluke basi, ena akuti UNI-T ndi yokwanira. Thumba langa ndi laling'ono. Inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi mumagwiritsa ntchito iti, ndipo pogula ndiyang'ane chiyani?

Firiji24
Musanagule kalikonse amwene, sinthani kaye batire la 9V m'kamitako. Timamita timeneti batire likafooka timayamba kuwerenga mokweza. 260 ija mwina yachokera pamenepo, osati m'mawaya.

WayaWofiira
Kachithunzi ka batire kakuonekadi pakona pa sikirini. Ndisintha. Nanga 185 ya pa inveta ija?

MayiSola_Mzuzu
Imeneyo si ya batire achimwene. Kawerengeni pa inveta penipenipo, ndikukhulupirira palembedwa modified sine wave. Mainveta otchipa ambiri ndi otero. Magetsi a ESCOM amakwera n'kutsika mosalala, ka 50 pa sekondi. Inveta yamtunduwu imangodumpha: ziro, pamwamba, ziro, pansi. Mita yotchipa siyeza mphamvu yeniyeni ya magetsi a AC. Imatenga pakatikati pake n'kuchulukitsa ndi 1.11, ndipo masamu amenewo amalondola pa magetsi osalala okha. Pa inveta yodumphayi 230 yeniyeni imaoneka ngati 180 kapena 200. Ndaonapo anthu akubweza kusitolo inveta yabwinobwino chifukwa cha zimenezi, wogulitsa n'kukangana naye tsiku lonse.

Ngati ntchito ya sola mukufuna kuipitiriza, mita yanu ikhale yolembedwa True RMS, kutanthauza yoyeza mphamvu yeniyeni ngakhale magetsi asakhale osalala. Imathandizanso pa timajenereta ting'onoting'ono, chifukwa nato magetsi ake sakhala osalala kwenikweni.

Tesita_Basi
Mukuvutikiranji inu? Ife tinaphunzira ndi tesita ya sikuludiraiva ndi babu lomangirira mawaya awiri. Nyumba zomwe tinalumikiza zilipobe mpaka lero, palibe yomwe inapsa.

Madala_aDB
A Tesita, babu lija ndimalilemekeza. Limakoka mphamvu, ndiye likayaka mumadziwa kuti moto ulipodi. Koma ikani babu la 230 pakati pa ma phase awiri, pomwe pali 400, muone magalasi akuulukira kumaso. Tesita ya sikuludiraiva ndiye sindiilola m'bokosi la mwana aliyense amene ndimagwira naye. Kuti iyake, magetsi amadutsa m'thupi mwanu. Chomwe chimakutetezani ndi karesista kamodzi mkatimo. Kakanyowa kapena kusweka, mwagwira live ndi chala. Padzuwa kuyaka kwake sikuoneka, ndipo mukaima pa makwerero a matabwa imatha osayaka pa waya amene ali ndi moto.

Tsopano mphwanga WayaWofiira, tamverani. Za True RMS zomwe anena amayiwa ndi zoona, koma sipoyambira. Poyambira ndi apa: tsiku lomwe zinthu zalakwika, mita imeneyo ichita chiyani m'manja mwanu?

Pafupi ndi timabowo tolowetsa zingwe pamalembedwa CAT II, CAT III kapena CAT IV, kenako mavolti. Zimenezi zimachokera ku muyezo wa IEC 61010. Sizikunena za 230 kapena 400 ya masiku onse ayi. Zikunena za kugunda kwadzidzidzi komwe kumadutsa m'mawaya mphezi ikagwa pafupi ndi laini, kapena mota yaikulu ikazima, kapena magetsi akabwera atathima. CAT II ndi ya zinthu zolowetsa pa soketi. CAT III ndi ya DB (bokosi logawira magetsi), ma breaker, mawaya a m'khoma, mamota olumikizidwa kosachotsa. CAT IV ndi ya polowera magetsi, pa mita ya ESCOM ndi waya wochokera papolo. Ya CAT II 600V amaiyesa ndi kugunda kwa mavolti 4,000. Ya CAT III 600V, 6,000. Ya CAT IV 600V, 8,000.

Pali msampha apa. Wina amaona CAT II 1000V n'kuganiza kuti yaposa CAT III 600V chifukwa 1000 ndi wamkulu. Zonsezi amaziyesa ndi 6,000, koma ya CAT II amaiyesa ndi gwero lofooka la ma ohm 12, ya CAT III ndi gwero la ma ohm 2, lomwe limakankha ma amp ochuluka kasanu ndi kamodzi. Pa DB tengani CAT III 600V. Inu ntchito yanu ndi ya pa DB, ndiye osatsika pamenepo. Dziko lathu lino mvula ikayamba mu Novembala mphezi sizisowa.

Chachiwiri ndi fiyuzi. Pa kamita kanuko, pabowo la 10A palembedwa unfused, kutanthauza kuti palibe fiyuzi. Mkati mwake muli kawaya kokhuthala kokha kolumikiza bowolo ndi COM. Mukayeza ma amp, n'kuiwala chingwe chofiira momwemo, kenako n'kukagwira live ndi neutral kuti muone mavolti, mwalumikiza awiriwo mwachindunji ndi manja anu. Mita yabwino ili ndi fiyuzi za HRC, zoumba ndi dothi loyera lolimba, mkati muli mchenga wozimitsa moto. Za Fluke zimakhala 11A 1000V ndi 440mA 1000V, ndipo zimatha kudula ma amp masauzande khumi kapena kuposa osaphulika. Kafiyuzi kagalasi kaja sikangathe. Waya wake akasungunuka moto umadumphabe mkatimo.

Chigayo_Mitundu
Zomwe akunena madalawa ndinaziona ndi maso pa chigayo pathu. Mnyamata yemwe ankatikonzera sitata ya mota anayeza ndi mita yotchipa zingwe zili kwa ma amp. Kunamveka kuphulika, bokosi lonse linada bii, mita inang'ambika pakati. Dzanja lake lamanja linapsa mpaka pamkono, nsidze zinathera pomwepo. Anakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, ndipo ali ndi banja. Sindine wamagetsi ine, koma kuyambira pamenepo aliyense wobwera kudzakonza ndimamufunsa andionetse mita yake kaye.

Tesita_Basi
Pepani kwa mnyamatayo. Koma vuto pamenepo ndi munthu, osati mita. Anaiwala yekha.

Madala_aDB
Palibe wamagetsi amene saiwala, a Tesita. Fiyuzi anaiikira tsiku loiwalalo.

WakuJoni
Ndionjezere pa za CAT. Kulemba ndi kwaulere abale. Ndimaona timamita pa misika ya kuno ku Johannesburg tolembedwa CAT III 1000V, koma mukatsegula mumapeza kafiyuzi kagalasi ndi mawaya oonda. Chizindikiro cha CE nachonso sichitsimikiza kanthu, wopanga amadziikira yekha. Yang'anani chizindikiro cha amene anaiyesa payekha: UL, CSA, TÜV kapena ETL.

Pa za mitundu, pakati pa kachikasu ndi Fluke pali malo aakulu. Brymen ndi ya ku Taiwan, ndipo BM235 yawo ndi True RMS, CAT III 600V, yoyesedwa ndi UL, fiyuzi zake za HRC, mtengo wake wotsikirapo ndithu poyerekeza ndi Fluke 117. Kuno ambiri amagwiritsanso ntchito Major Tech chifukwa imapezeka m'masitolo a zamagetsi ndipo zingwe ndi mafiyuzi ake savuta. UNI-T ili ndi mitundu yambirimbiri, ina yolimba, ina ya patebulo chabe. Osagula dzina, werengani model yake.

Ndipo chenjerani ndi Fluke yogula pa Facebook pa mtengo wokoma kwambiri. Zabodza zilipo, zakubanso zilipo.

ZaMafoni_Limbe
Ine ndimakonza mafoni ndi ma TV, ndipo ndikuona ngati mukumuopseza mwanayu. Aneng AN8008 yanga ndi True RMS, imawerenga mpaka 9999, ili ndi ma microamp, ndipo ndalama yake ndi yochepa. Fluke imodzi ndingagule nayo zoterezi zambiri.

Madala_aDB
Patebulo lanulo ndi yabwino, sindikutsutsa. Mumagwira 5V, 12V, mwina pawa sapulayi ya TV. Tsegulani muone kukula kwa timafiyuzi take, kenako mundiuze ngati mungapite nayo pa busbar (chitsulo chonyamula magetsi ambiri) ya chigayo.

ZaMafoni_Limbe
Kumeneko sindipitako. Koma ndikufuna adziwe kuti kudula kwa mita sikutanthauza kuti ichita chilichonse. Fluke 117 ilibe ma microamp, kwa ine siingandithandize. Chinanso chomwe anthu amaiwala ndi kabelu ka continuity, kolira waya akakhala wosaduka. Mita zina zimachedwa kulira, umagunda n'kudikira. Pofufuza waya woduka kapena njira pa bolodi ufuna yolira pomwepo. Gundanitsani ma probe (nsonga za zingwe zoyezera) mofulumira muli m'sitolo momwemo mumve.

Firiji24
Ngati mtima uli pa Fluke koma ndalama zikuchepa, ilipo Fluke 101. Kakang'ono, kolowa m'thumba la ovolosi, CAT III 600V yeniyeni. Ndimayezera mavolti, ma ohm a kompresa, ndi makapasita mpaka 100µF, zomwe pa firiji ndi pampu zimakwana. Kapasita yolembedwa 35µF ikamawerenga 20, ndiye chifukwa chake mota ikungong'ung'udza osazungulira. Muzingokumbukira kuichotsa moto kapasitayo musanaiyeze.

MayiSola_Mzuzu
101 si True RMS, ndipo siyeza ma amp ngakhale pang'ono. Abwereranso ku 185 yomwe ija.

Madala_aDB
Kusayeza ma amp kumeneko ine ndimakukonda. Palibe bowo la 10A, ndiye palibe poiwalira chingwe. Ma amp aziyeza ndi clamp meter, mita yongotsina waya kunja. M'nyumba ya munthu simudula waya kuti mulowetse mita pakati.

MayiSola_Mzuzu
Pa clamp tikugwirizana madala, koma pa True RMS sindisuntha. Masiku ano nyumba zingati za m'tauni zomwe zilibe inveta? Kuthimathima kwa magetsi kwachititsa kuti ntchito yaikulu ikhale imeneyo.

Ndipo poti tafika pa sola, achimwene WayaWofiira mumve izi. Anthu amaganiza kuti DC ndi yofatsa chifukwa anazolowera batire la 12V. Panelo la 550W lili ndi mavolti pafupifupi 50 likakhala losalumikizidwa. Mukalumikiza 10 motsatizana pa inveta ya hybrid, pamenepo pali 500V ya DC, ndipo dzuwa likakhalapo simungaizimitse. DC ikayamba kudumpha moto siizima msanga, chifukwa siidutsa pa ziro monga AC. Ngati mudzafika pa ntchito zazikulu, mita ikhale ya 1000V DC. Komanso panelo lomwelo limatulutsa pafupifupi 14A mukalumikiza mawaya ake awiri, pomwe bowo la mita ndi la 10A. Ambiri amapsereza fiyuzi pamenepo. Clamp yoyeza DC ndiyo yankho, ndipo onetsetsani kuti yalembedwa DC A, chifukwa ma clamp otchipa ambiri amayeza ma amp a AC okha.

Pa mabatire a asidi, lodzaza litapuma limakhala 12.6 kapena 12.7, likafika cha pa 12.1 latsala theka. Kusiyana kwake ndi theka la volti basi. Mita yonama ndi 0.3 ikhoza kukuchititsani kuuza kasitomala kuti batire lake lafa.

Makaniki_Chirimba
Kugaraja ndimagwiritsa ntchito UNI-T UT210E. Ndi clamp yaing'ono, imayeza AC ndi DC mpaka 100A, ndipo pa 2A imaona mpaka ma milliamp. Galimoto ikamadya batire usiku, ndimangotsina waya wa negative, kudikira kompyuta ya galimoto igone, n'kuona. Ikapitirira 50mA ndimayamba kufufuza fiyuzi imodzi imodzi. Alutaneta yabwino injini ikuyenda imapereka pakati pa 13.8 ndi 14.4. Dinani ZERO musanatsine, apo ayi pa DC imakunamizani.

Madala_aDB
Imeneyo ndi CAT III 300V. Yotsinira ndi yabwino. Ma probe ake asapite nawo pa 400.

Makaniki_Chirimba
Zoona. Kwathu kuno 400 kulibe.

ChipataBoy
Funso laling'ono abale. Nagula clamp ku Lusaka, nikatsina chingwe cha ketulo ionetsa ziro koma ketulo iwira. Yaonongeka?

Firiji24
Siinaonongeke. M'chingwemo muli live ndi neutral pamodzi, magetsi akupita ndi kubwerera, ndiye zikufafanizana. Tsinani waya mmodzi yekha, monga pa DB potuluka pa breaker.

ChipataBoy
Zikomo bakamba, namvera.

Tesita_Basi
Mugule zonsezo, koma mudzandiuza anzanu akayamba kubwereka. Chida chabwino sichikhala pakhomo. Wina amabwera "madala ndibwerekeniko kwa ola limodzi", imabwera patatha sabata fiyuzi atamanga ndi waya wa kopa osakuuzani.

Makaniki_Chirimba
Pamenepo mwanena zoona. Masipanala ndimabwereketsa, mita ayi. Ngakhale mlamu wanga amadziwa.

Firiji24
Ndiye palinso mabatire a 9V a pamsika, opepuka, otha sabata imodzi. Ndi chifukwa chake ndimakonda mita za AAA, mabatire ake amapezeka pa golosale iliyonse mpaka kumudzi. Ndipo mita ikakhala nthawi osagwira ntchito chotsanimo mabatire, amatuluka madzi n'kudya timapazi ta mkati.

WakuJoni
Kuno vuto si kubwereka, ndi kuba pa saiti. Yanga ndinalemba dzina ndi chitsulo chamoto kumbuyo.

Chigayo_Mitundu
Poti tikukamba za anthu, ndifunse: ndingadziwe bwanji kuti wamagetsi amene wabwera ndi wophunziradi? Aliyense wokhala ndi pulayazi akudzitcha injiniya.

MphunzitsiWaMagetsi
Mufunseni chiphaso cha MERA, ndi iwo amene amapereka chilolezo kwa olumikiza magetsi. Wophunzira ku Soche, Lilongwe, Nasawa, Mzuzu kapena sukulu ina ya ntchito zamanja amakhalanso ndi mapepala ake. Ndipo muoneni asanagwire waya: ngati sayeza kaye, muuzeni aime.

Woyang'aniraGulu
Abale, za kubwerekana ndi za ziphaso titsegulire nkhani yake padera. Tibwerere ku funso la a WayaWofiira.

WayaWofiira
Zikomo nonse, ndikulemba m'kope. Batire ndasintha, soketi ija tsopano ikuti 231. Koma pali china. Pa nyumba ina ndinazimitsa breaker ya magetsi a m'chipinda, waya n'kumaonetsabe 70V. Ndinabwereka mita ya mnzanga, yabwino ndithu, nayonso inati chapompo. Ndiye zonse zikunama?

AchimweneKuLeeds
Sizikunama, zikuona chinthu chomwe chilibe mphamvu. Mita ya digito yabwino imakhala ndi ma ohm pafupifupi 10 miliyoni polowera, ndiye siikoka kanthu. Waya wakufa akayenda m'paipi imodzi ndi waya wamoyo mtunda wautali, amatengako timavolti kudzera m'chikopa. Mita imationa n'kulemba 40, 70, nthawi zina kuposa 100. Mukaikapo katundu aliyense timathawa. Mita zina zili ndi malo olembedwa LoZ, omwe amatsitsa ma ohm aja kufika masauzande ochepa. Mukatembenuzira pamenepo 70 ija n'kugwa pafupi ndi ziro, munali mthunzi chabe. Ikakhalabe, pali moto weniweni wochokera kwina, mwina neutral yogawana ndi laini ina kapena wina analumikiza mosokoneza, ndipo musagwire. Fluke 117 ili nayo LoZ, BM235 ilinso nayo. Kwa munthu wofufuza mavuto m'nyumba, ndimaiona yofunika kuposa manambala ambiri pa sikirini. Osaigwiritsa ntchito pa mabolodi a TV kapena kompyuta.

Ndinene china chomwe ndinaphunzira kuno. Ku UK potsimikiza kuti waya wafa sagwiritsa ntchito multimeter, chifukwa ili ndi kotembenuza ndipo munthu akhoza kuiika polakwika, pa DC m'malo mwa AC, n'kuona ziro pa waya wamoyo. Amagwiritsa ntchito choyezera cha ma probe awiri chopanda kotembenuza. Amachiyesa kaye pomwe akudziwa kuti pali moto, kenako pa waya wozimitsidwayo, live ndi neutral, live ndi earth, neutral ndi earth, kenako n'kubwereranso pa moto uja kuona ngati chikugwirabe. Breaker amaikhoma ndi loko, kiyi m'thumba. Malangizo a kuno otchedwa GS38 amanenanso kuti chitsulo choonekera kunsonga kwa probe chisapitirire 4mm. Ma probe a nsonga zazitali aja m'DB yothinana amagunda mawaya awiri nthawi imodzi.

Kwathu choyezera chotere sichipezeka paliponse, ndikudziwa. Koma njira ya moto, wakufa, moto mukhoza kuichita ndi multimeter iliyonse kuyambira lero, ndipo siilira ndalama.

Tesita_Basi
Mwaona? Babu langa lija likanamuuza kuti 70 imeneyo ndi yabodza.

AchimweneKuLeeds
Pamenepo ndikukuvomerezani madala, LoZ ikuchita ntchito ya babu lanu lija. Kusiyana n'kwakuti babu likapsa silikuuzani, limangokhala chete monga pa waya wakufa. Nalonso liyeseni pa moto musanayambe ndi mukamaliza.

Madala_aDB
Ndibwerere pa 260 ija, ngakhale linali batire. Tsiku lina mudzaiona ndi mita yabwino, ndipo musadzaipeputse. Neutral ikaduka kapena kumasuka pa laini ya ma phase atatu, nyumba zina mavolti amatsika, zina amakwera kulowera ku 400. Chizindikiro chake: wina akayatsa kuka, mababu a kwina amawala kwambiri. Yezani live ndi neutral, live ndi earth, neutral ndi earth. Pakati pa neutral ndi earth payenera kukhala timavolti tochepa kwambiri. Mukapeza makumi angapo, zimitsani main switch, muuze eni nyumba, ndipo ngati vuto lili kunja kwa mita yawo aimbireni a ESCOM. Papolo musakwere. Pa tsiku ngati limenelo ndi pomwe mumafuna mita yomwe simukuikayikira, chifukwa mukamaganiza kuti mwina ndi batire, mafiriji a anthu akupsa.

MphunzitsiWaMagetsi
Ndiikepo zomwe ndimauza ophunzira anga za kulondola, chifukwa ambiri amakopeka ndi manambala ochuluka. Mita ya ma count 6000 imaonetsa 230.4, ya 2000 imangoti 230. Pa ntchito ya m'nyumba 6000 ndi yokwana, 4000 nayonso. M'kabuku kake mupeza zolembedwa ngati ±(1% + 3). Pa 230V ndiye kuti ikhoza kuphonya ndi 2.3, kuphatikizapo 0.3 ya manambala atatu omalizawo, yonse 2.6V. Mita ziwiri zabwino zikasiyana ndi mavolti awiri kapena atatu pa soketi imodzi, palibe yoonongeka.

Muli m'sitolo pemphani aikemo batire. Ikani pa ma ohm, gundanitsani ma probe: ionetse pakati pa 0.1 ndi 0.5 ndipo ikhazikike. Gwedezani zingwe pomwe zalowera. Nambala ikamadumphadumpha, timabowo kapena zingwezo n'zofooka. Tembenuzani kosankhira kangapo mumve ngati kakukhala pamalo pake molimba. Tengani batire la AA latsopano, likhale cha pa 1.6. Funsani atsegule kumbuyo muone mafiyuzi. Wogulitsa wokana zimenezo musiyeni.

Mukafika kunyumba yezani zinthu zomwe yankho lake mukulidziwa kale. Ketulo ya 2000W: 230 kuchulukitsa 230, kugawa ndi 2000, mupeza ma ohm 26 ndi theka. Elementi ya giza ya 3000W, pafupifupi 17.6. Lembani, ndipo pakapita miyezi mudzayezenso. Mita ili ngati sikelo ya pamsika, imafuna mwala wodziwika kulemera kwake woiyesera nthawi ndi nthawi.

Zingwe nazo zili ndi CAT yake, yolembedwa pa probe. Mita ya CAT III yokhala ndi zingwe za pamsika yatsika kufika pa zingwezo. Zong'ambika musamate ndi tepi, tayani.

Chomaliza, multimeter siingakuuzeni ngati chikopa cha waya chatha. Imayeza ma ohm ndi timavolti tochepa. Giza kapena pampu yomwe ikugwetsa breaker ya earth leakage imatha kuoneka yabwinobwino pa multimeter, koma pa megger ya 500V, choyezera chikopa cha waya, n'kuonetsa pansi pa 1MΩ. Chimenecho ndi chida china, mudzachifuna mukayamba kupereka nyumba zatsopano.

ZaMafoni_Limbe
Aphunzitsi, nanga auto range ndi manual? Ine auto imandichedwetsa.

MphunzitsiWaMagetsi
Tengani ya auto yokhala ndi batani la RANGE, muli nazo zonse. Kwa wofufuza m'nyumba auto ndi yabwino, dzanja limodzi lili pa makwerero. Onaninso kuti ili ndi nyali ya sikirini, chifukwa m'denga ndi m'ma DB a m'makonde mumakhala mdima, ndi MIN/MAX yogwira kutsika kwa mavolti kompresa ikamadzuka.

Firiji24
MIN/MAX imeneyo ndi imene imandionetsa kuti waya wopita ku firiji ndi woonda. Ikaima 228, kompresa ikadzuka n'kugwa mpaka 190, vuto si firiji.

WayaWofiira
Ndamva akuluakulu. 117 pakadali pano sindingaikwanitse. 101 ikundikopa koma amayi a ku Mzuzu andigwira mtima, ntchito zanga zambiri zili ndi inveta. Ndikuganiza BM235, kenako clamp ya DC ndalama ikapezeka. Kachikasu ndikasiyira mabatire ndi mafiyuzi a galimoto. A WakuJoni, ndikapeza wobwera pa basi, ndimutume chiyani china pamodzi ndi mitayo?

WakuJoni
Mafiyuzi apadera, musaiwale. Yaikulu ndi 11A 1000V ya 10x38mm, yaing'ono ndi 0.4A 1000V. Awiriawiri. Kumudzi kuwapeza n'kovuta, ndipo ikapsa muli pakati pa ntchito mudzayesedwa kuikamo iliyonse yolowa. Agule m'sitolo ya zamagetsi yopereka lisiti, osati pamsewu, ndipo akutumizireni chithunzi cha kutsogolo ndi kumbuyo asanalipire.

Madala_aDB
Ndipo phunzirani kuyeza fiyuziyo osatsegula. Ikani mita pa ma ohm, chingwe chofiira m'bowo la V, nsonga yake muigunditse mkati mwa bowo la A. Ikaonetsa pafupi ndi ziro, fiyuzi ili moyo. Ikati OL, yapsa. Fiyuzi yakupsa imakuonetsani 0A pa waya amene akunyamula katundu.

MayiSola_Mzuzu
Mutumeninso zingwe zoyezera za MC4 (ma connector a mapanelo a sola) ngati zilipo, kapena mudzipangire ndi ma connector awiri ndi waya wa sola. Kulowetsa probe m'kamwa mwa MC4 kumatanula kachitsulo ka mkati, kenako pamadzatentha.

ChipataBoy
Ba WakuJoni, ngati basi ipitira ku Chipata nifunako na ine mafiyuzi ya 11A yabili. Nizakutumirani uthenga ku inbox.

WakuJoni
Tumizani, koma onani kaye kukula kwa yanu. Si mita zonse zomwe zimalowa 10x38.